Nsinjiro zichuluke bwanji m'buku la masewero a madayisi?

Loweruka lina masana tinakhala anthu asanu pakhonde ku Area 25, madayisi tikuponyera m'mbale yapulasitiki kuti asamagubuduzikire pansi. Mlongo wina amene amasewera ngati mlenje ananena kuti akufuna kudumphira fisi pamsana n'kumukanyanga pakhosi. Maso onse anali pa ine chifukwa ndine ndinkatsogolera. Lamulo la kugwirana ndi mdani ndinkadziwa kuti lilipo, ndinali nditaliwerenga dzulo lake, koma linali litabisala pakati pa ndime zitalizitali za buku lachingerezi limene ndinali nalo pa foni. Ndinakweza tsamba, kutsitsa, kukulitsa zilembo, kubwereranso. Pomwe ndimalipeza, mmodzi anali akuyankha WhatsApp, wina atatuluka kukagula mandasi, ndipo mlenje uja anati, "Basi achimwene, ndingomubaya ndi mkondo." Chinthu chokoma kwambiri cha tsiku limenelo chinafera pamenepo, ndipo chinaphedwa ndi kalembedwe ka buku.

Kwa amene sanawaonepo, awa ndi masewero amene anthu amakhala mozungulira, aliyense n'kusanduka munthu wa m'nthano, mmodzi n'kumatsogolera. Wotsogolerayo amafotokoza dziko, amalankhulira adani, ndipo pakafika chokayikitsa madayisi ndiwo amagamula. Anatchuka kuyambira mu 1974 ku America, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, timabuku titatu m'bokosi. Kwa ife amene tinakula ndi "padangotero" ndi "tili tonse" sizachilendo kwenikweni, kungoti pano oyankha "tili tonse" aja nawonso ali ndi mphamvu yokhotetsa nthano. Bawo timaliphunzira poonerera akuluakulu pansi pa mtengo. Masewero awa amafuna buku, ndipo m'bukumo mumakhala mawu amitundu iwiri. Ena ndi malamulo: uponye madayisi angati, upambana ukapeza nambala yanji, wavulala motani (moyo wa munthu kapena chilombo umalembedwa ngati nambala imene imachepa akavulala). Ena ndi okometsera, onena kuti dzikolo limanunkhira bwanji, anthu ake amaopa chiyani, mkondo uwu unali wa yani. Pagulu pathu mawu amenewa timangowatcha nsinjiro. Ndiwo zopanda nsinjiro zimadyeka ndithu, koma ukachulutsanso masamba aja amasowa m'mphika.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kuvuta n'chakuti buku limodzi limawerengedwa nthawi ziwiri zosiyana. Poyamba umaliwerenga wekha usiku pabedi, ndipo pamenepo umafuna likukope, likupatse njala yoitana anzako. Kachiwiri umalitsegula anthu anayi akukudikira, ndipo pamenepo sufuna kukopedwa, ukungofuna mzere umodzi. Kuno ku Lilongwe kuwerenga kwachiwiriku n'kolemera kuposa mmene olemba akunja amaganizira. Ambirife mabukuwa tili nawo pa foni, osati pa pepala. Kupulinta amatchaja pa tsamba, ndipo buku la osewera la Dungeons & Dragons la mu 2014 lili ndi masamba opitirira 300. Magetsi akazima batire ya foni ija ndiyo imakhala buku, ndiyonso tochi. Pamwamba pa zonsezi buku lili m'Chingerezi pamene patebulo tikulankhula Chichewa, ndiye wotsogolera amamasulira ali pomwepo. Njira iliyonse yoyalira malamulo ndi nsinjiro m'buku ndimaiyeza ndi muyeso umenewu.

Njira imene anthu ambiri amakumana nayo koyamba ndi yosakaniza, pomwe lamulo ndi nsinjiro zili m'chiganizo chimodzi. Gygax mwini wake ankalemba motero, makamaka m'buku lake la otsogolera la mu 1979, limene Chingerezi chake n'chamaluwamaluwa. Dungeons & Dragons ya mu 2014 inabwereranso ku kalembedwe konga kolankhula wamba. Nditati ndilembe fisi wa m'nthano yathu mwa njira imeneyi, atha kuoneka chonchi: "Afisi a m'nkhalango ya Dzalanyama si afisi wamba, pakuti ambiri amakweredwa ndi mfiti, ndipo wokumana nawo usiku amayamba wamva fungo la nsanza zopserera, akaluma amachotsa moyo wokwana dayisi limodzi, koma popeza mbuye wawo anawakhwimitsa, mkondo wosathiridwa mankhwala suwalasa pokhapokha kunja kutacha." Kuwerenga kwake n'kokoma, ndipo munthu woyamba kumene saopa, chifukwa akuona nkhani osati masamu. Komanso lamulo likabwera ndi chifukwa chake limakhazikika m'mutu. Palibe amene angaiwale kuti fisi ameneyu amafooka kukacha.

Koma taonani kuti m'chiganizo chimodzicho mwabisala malamulo atatu, ndipo lachitatu lili kumchira. Choipa kuposa pamenepo n'chakuti wowerenga sadziwa pamene lamulo lathera. Fungo la nsanza lija ndi lamulo kapena nsinjiro? Wosewera wochenjera adzafunsa ndithu kuti, "Ngati fungo limayamba kufika, ndiye kuti sangatidzidzimutse, eti?" Ndipo ali ndi mfundo. Mkangano wa mtundu umenewu si wathu wokha: kampani ya Wizards of the Coast, eni ake a masewerowa, inachita kumatulutsa mayankho apadera, otchedwa Sage Advice, pomwe Jeremy Crawford ankalongosola zimene malamulo a mu 2014 ankatanthauza. Pa foni njira yosakanizayi ndiyo yopweteka kwambiri, chifukwa diso lilibe pogwira. Ndiyo inapha kudumpha kwa mlenje uja.

Mankhwala amene ambiri amathamangira ndi kulekanitsa ziwirizi pa tsamba lomwelo. Amene anagwirapo makhadi a Magic: The Gathering, amene anayamba mu 1993, akudziwa kuti mawu opendekeka a m'munsi mwa khadi ndi okometsera chabe, sagwira ntchito pamasewero. Dungeons & Dragons ya mu 2008 inachitanso chimodzimodzi: luso lililonse linali ndi kamzere kopendekeka pamwamba, kenako malamulo ouma m'munsi, chilichonse pamzere pake. Fisi wathu angakhale ndi kamzere kakuti "Fungo la nsanza zopserera limafika iye asanafike," kenako: moyo 9, kuluma dayisi 1, usiku zida wamba sizimulasa. Apa mkangano watha, ndipo pakati pa masewero umangoponya diso kamodzi. Kwa wolemba woyamba ndinganene kuti iyi ndiyo njira yosagwetsa.

Chomwe ndinaona n'chakuti pakapita masabata angapo diso limaphunzira kudumpha mawu opendekeka aja. Anthu amasiya kunena kuti "ndikumuzemba kumbuyo kwa chulu," n'kuyamba kungotchula dzina la luso ndi nambala. Ambiri amene sanakonde buku la mu 2008 ankadandaula zomwezi, kuti likumveka ngati masewero a pa kompyuta. Ine sindikuliweruza motero, chifukwa kulongosoka kwake ndimakusirira mpaka lero. Koma ndi zoona kuti ukauza wowerenga kuti mawu awa alibe mphamvu, iye amakukhulupirira, ndipo nsinjiro zako zimatsala m'mbale.

Palinso oika nthano yonse kutsogolo, malamulo n'kubwera pambuyo. Kampani ya White Wolf, imene inatulutsa Vampire: The Masquerade mu 1991, inkakonda kutsegula mabuku ake ndi nkhani ya masamba angapo, ndipo wotsogolera inkamutcha wosimba nthano. Njirayi imagwira mtima pa kuwerenga koyamba kuja, ndipo masewero amene mtima wake uli pa mantha kapena chisoni amaifunadi. Vuto n'lakuti pagulu la anthu asanu amawerenga ndi mmodzi. Enawo amafika Loweruka n'kufunsa kuti, "Ndiye tikupanga zotani?" Populinta, masamba amenewa ndiwo oyamba kusiyidwa. Mbale wake wa njirayi ndi ndime zija za m'kabokosi zimene wolemba amati muziwerenge mokweza osewera akalowa m'chipinda chatsopano. Kwa ife zimenezi n'zosathandiza mpang'ono pomwe. Ukawerenga m'Chingerezi anthu amayamba kuyasamula, ukati umasulire chiganizo ndi chiganizo umachita chibwibwi. Wolemba akanangondipatsa zinthu zitatu, kuti muli chinyontho, muli mafupa a mbuzi, ndipo khomo lakumadzulo lili pululu, ndikanazisimba ndekha m'mawu anga, bwinonso kuposa iye.

Ndisanapitirire nditchule Mörk Borg, ya ku Sweden, ya Pelle Nilsson ndi Johan Nohr, imene inatuluka mu 2020. Iwo nsinjiro zawo anaziika m'zithunzi, m'mitundu yakuda ndi yachikasu, ndi m'zilembo zosinthasintha tsamba lililonse, malamulo n'kukhala ochepa. N'chinthu chokongola kuchigwira m'manja. Koma tsamba lakuda bii pa makina a fotokope limatuluka ngati makala, ndipo pa foni yaing'ono zilembo zina siziwerengeka. Eni ake anadzatulutsanso lina la mawu okhaokha, lopanda zokongoletsa, ndipo ndi limenelo limene lingagwire ntchito pakhonde pathu.

Kumalekezero ena kuli olemba mafupa okhaokha. Old-School Essentials ya Gavin Norman, ya mu 2019, inatenga malamulo akale a Dungeons & Dragons a mu 1981 n'kuwayala mwakuti nkhani iliyonse ithere pa masamba awiri oyang'anizana, osatembenuza. Ena amafupikitsa mpaka tsamba limodzi, monga Lasers & Feelings ya John Harper ya mu 2013. Pa kuwerenga kwachiwiri kuja palibe choposa izi. La tsamba limodzilo ukhoza kulipulinta ndi ndalama ya minibasi, n'kupinda pepalalo m'thumba.

Koma apa pali chinthu chimene chinanditengera nthawi kuchizindikira, ndipo ndicho chinasintha maganizo anga onse pa nkhaniyi. Mabuku a mafupawa amayenda bwino kwawoko chifukwa nsinjiro zili kale m'mitu mwa owerenga. Munthu wa ku London kapena ku Chicago ukamupatsa dzina la chilombo cha m'nthano za kwawo ndi manambala atatu, zotsalazo amadzazira yekha, pakuti anakula nazo. Ukapatsa tsamba lomwelo mnyamata wa ku Kawale, akuona dzina lachilendo ndi manambala basi. Ndiye tembenuzani. Ine ndikalemba kuti "fisi wa mfiti," kapena "ndondocha," kapena "Napolo," palibe wa ku Chinsapo kapena ku Biwi amene akufuna ndime yofotokoza. Mawu amodziwo abwera kale ndi usiku wake, ndi mantha ake, ndi mawu a agogo amene anatisimbira. Masewero olembedwa kunja okhudza Africa, monga Nyambe ya mu 2002 kapena Spears of the Dawn ya Kevin Crawford ya mu 2013, amayenera kuthera masamba ambiri akufotokoza dziko chifukwa akulembera alendo. Ife tikamalembera anzathu sitiyenera kutengera kutalika kumeneko. Funso loti nsinjiro zichuluke bwanji limayankhidwa ndi funso lina: anthu a patebulo pako akudziwa kale chiyani? Zimene akudziwa, tchula dzina n'kupita. Zimene sakudziwa, kapena pamene wakhotetsa dala chinthu chodziwika, ndi pamene mawu ako ayenera kuthera.

Njira imene ndinaikonda pamapeto pake ndi yotendera malamulo enieniwo, kuti lamulo likhale lalifupi koma mawu ake akhale ndi fungo la dzikolo. Apocalypse World ya Vincent Baker, ya mu 2010, inaonetsa bwino zimenezi. Malamulo ake ambiri amayamba ndi chochitika cha m'nthano, kenako uponya madayisi 2 n'kuwonjezera nambala ya luso la munthu wako: 10 kapena kuposa wapambana, 7 mpaka 9 wapambana koma pali mtengo wake, 6 kapena kutsika zavuta. Chris McDowall, mu Into the Odd ya mu 2014, anaika dziko lake lambiri m'mindandanda ya katundu amene munthu amayamba naye, mwakuti umalidziwa dzikolo poona zimene zili m'thumba lako.

Nachi chitsanzo cha m'kabuku kamene ndikulemba. "Ukalowa m'mudzi wa eni osayamba waonekera kwa amfumu, ponya madayisi 2. Ukapeza 10 kapena kuposa, wina wakuzindikira kuti ndiwe mwana wa uje, wakuyalira mphasa. 7 mpaka 9, akulandira, koma mawa pali mlandu ndipo nkhuku ikhala yako. 6 kutsika, pofika madzulo mudzi wonse wagwirizana kuti mbuzi yosowa ija ndiwe." Palibe ndime yofotokoza ulemu wa mafumu kapena mmene alendo amaonedwera, koma zonse zilimo, ndipo palibe angazidumphe chifukwa kuti asewere ayenera kuziwerenga. Chimodzimodzinso katundu woyambira. M'malo molemba kuti "mpeni, chingwe, chakudya cha masiku 3," ndimalemba kuti "chikwanje cha malemu atate ako chobenthuka kunsonga, luzi, ndi mbatata zootcha zimene apongozi akupatsa mosafuna." Manambala ake ndi omwewo, koma wosewera wadziwa kale kuti ndi wamasiye, ndi wokwatira, ndipo kunyumba sikuli bwino.

Chichewa chimatithandizanso pa njira imeneyi m'njira ziwiri zimene sindinkaziganizira. Kachidutswa kaja ka "ka" ka m'mawu onga "ukalowa," "akakuluma," "mukathawa" kamanyamula chiyambi chonse cha lamulo m'liwu limodzi. Ndiponso tili ndi mawu aja amvekero. "Kuli zii." "Maso ali psuu." "Fumbi lili koboo." Liwu limodzi lotere limagwira ntchito imene wolemba Chingerezi amaigwira ndi mizere itatu, ndipo wotsogolera akhoza kulitchula mmene lilili, mawu n'kukwera okha. Nsinjiro zotsika mtengo kuposa izi palibe.

Sindibisa kuti njirayi ili ndi zovuta zake. N'yovuta kulemba kuposa zonse, chifukwa liwu lililonse likunyamula mitolo iwiri, ndipo ukalakwitsa umabwerera ku mkangano wa njira yosakaniza uja. Lamulo la mudzi lija linatikanganitsapo: nanga wolowa usiku mozemba, amene sakufuna n'komwe kulandiridwa, aponyenso? Ndinachita kuwonjezera liwu lakuti "masana." Chachiwiri, malamulo otenderawa sasamuka. Lamulo louma la kugwirana ndi mdani ukhoza kulitenga kupita nalo ku nthano ya m'mlengalenga kapena ya mu Old Town ya lero, koma la amfumu lija limagwira kumudzi kokha. Amene akufuna buku limodzi losewerera nthano zamitundumitundu asankhe njira yolekanitsa kapena ya mafupa. Chachitatu, mndandanda wokoma umatha. Chikwanje cha malemu atate chikatuluka kachitatu anthu amaseka m'malo mokhudzidwa, ndiye mindandanda yotere iyenera kukhala yaitali, kapena kumafufutidwa chinthu chikagwiritsidwa ntchito.

Pali malo amodzi amene kufupikitsa ndimakukana. Tikamalemba za kwathu timayandikira zinthu zimene kwa anthu ena si nthano. Kachisi wa ku Msinja ndi udindo wa Makewana wopempha mvula ndi mbiri yeniyeni ya Achewa, ndipo malowo ali m'boma lathu lomwe lino. Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake. Zinthu zotere sizingapatsidwe "moyo 9, kuluma dayisi 1" ngati fisi. Ngati zilowe m'buku, zilowe ndi ndime yodekha youza wotsogolera kuti izi si zomenyana nazo kapena zoseweretsa, ndipo ndimeyo isakhale m'mawu opendekeka oti anthu adumphe. Ine m'kabuku kanga za kudambwe ndinazisiya kunja konse, ndipo wopempha mvula wa m'nthano yanga ndinamupatsa dzina ndi phiri zongopeka.

Ndiye kabuku kanga kakuoneka motere. Ndi mapepala a A4 opindidwa pakati, kutanthauza kuti masamba ayenera kukwana 4, 8, 12 ndi kumapita choncho, ndipo ndinaima pa 24, amene ndi mapepala 6 okha. Masamba awiri oyamba ndi nthano yeniyeni, yoti munthu aitumize kwa anzake pa WhatsApp powaitana, ndipo mulibe lamulo ngakhale limodzi. Malamulo oponyera madayisi, omenyana ndi ochira ndi ouma, aliwonse pa tsamba lake, chifukwa pa foni umaona tsamba limodzi osati awiri oyang'anizana. Manambala onse ndimalemba m'zizindikiro, pakuti "zisanu ndi ziwiri" pakati pa nkhondo zimachedwetsa diso. Nsinjiro zonse zotsala zili m'mayina, m'mindandanda, ndi m'malamulo oyamba ndi "uka-" aja. Chilombo chilichonse chili ndi mizere inayi: chimene umayamba kumva kapena kununkhiza, chimene chikufuna, manambala ake, ndi chimene chimachiopa. Fungo la nsanza lija tsopano ndi lamulo lenileni, lakuti wolimva ali ndi mpata umodzi wochitapo kanthu fisi asanatulukire.

Ndisanavomereze tsamba lililonse ndimapatsa foni munthu amene sanawerengepo kabukuko n'kumufunsa funso la pakati pa masewero, monga lakuti munthu wagwera m'madzi atavala katundu wolemera, zitha bwanji? Akayamba kukulitsa zilembo ndi kubwerera m'mbuyo, tsambalo ndimakalembanso. La kugwirana ndi mdani ndalilemba katatu. Pano lili pa tsamba 9, mizere itatu, ndipo limayamba ndi mawu akuti "Ukadumphira chamoyo chokuposa mphamvu." Mlongo wosewera ngati mlenje uja ndi amene analiyesa komaliza, ndipo analipeza ndisanamalize n'komwe kufunsa.